Shuga wovula malaya

Kuno ku Nkhunga nzimbe za Illovo timaziona ndi maso, mathirakitala opita ku fakitale ya Dwangwa n'kumatipatsa fumbi laulere. Koma paketi ya Tseketseke ikafika m'golosale, mtengo wake sudziwa kuti ndife aneba. Ndiye amayi amathawira pa benchi kukagula shuga womanga m'timapepala, wopanda dzina, wongokwanira tiyi wa m'mawa. Mafutanso n'chimodzimodzi: botolo la Kukoma timangolipatsa moni, ife athu ndi oyeza.

Nkhani ili apa, abale. Shuga wa pa benchiyo nthawi zambiri ndi Tseketseke yemweyo, wangovula malaya. Ndipo mukawerengera timapepala tokwana kilogalamu imodzi, mupeza kuti mwalipira kuposa abwana ogula paketi yathunthu.