Tiwombe M'manja, a Nkhodolero Akudutsa

Zizindikiro zina za m'kalembedwe zili ndi ozitamanda kale. Mpumiro amautama kuti umathetsa nkhani, mfunsiro kuti suchita manyazi kufunsa. Ine lero ndavula chipewa chifukwa cha a Nkhodolero, aja amalendewera m'mwamba ngati kangaude, opanda phazi loponda pamzere. Ukulu wawo suoneka bwino kuno kwathu. Muwaone akapita ku Chingerezi n'kukaima kumchira kwa dzina lothera ndi s, ndiye mudziwa kuti kuchepa thupi si kuchepa mphamvu.

Kunoku timawatuma ngati mwana. Amatisiyanitsira ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'tchire, amatifupikitsira mu nyumba kukhala m'nyumba, ndipo palibe amawauza zikomo. Pa nkhani ya umwini ndiye sitiwaitana n'komwe. Timangoti njinga ya James, buku la James, chipewa cha James, mbuzi za James, mwini dzina ali phee osakhudzidwa. Mwana wa zaka zitatu amazitha osaphunzitsidwa. Nanga chinthu choti mwana woyenda chinochino akuchitha chingapatse munthu ulemu wanji?

Azungu anaona kuti zimenezi n'zopepuka mopitirira. Iwo umwini amaumata kumapeto kwa dzina: nkhodolero, kenako s. Kwa John zimayenda bwino, John's basi. Koma kukabwera James, Charles, Moses, Agnes, Francis, ndi athu omwe a Blessings, a Precious ndi a Hastings, kumchirako kumapezeka kuti kuli kale s wakhala pampando. Tsono tiwonjezerepo mnzake tilembe James's, kapena tingokoleka nkhodolero tilembe James' tizipita? Funso limeneli lakhala likudya anthu ophunzira kwa zaka mazana, ndipo a Nkhodolero sanayankhepo. Mfumu yeniyeni siyankhula pabwalo anthu asanatope.

Ine ndinakumana nawo ndili Fomu 1. Ndinalemba James's book, aphunzitsi n'kudula s yachiwiriyo ndi cholembera chofiira, mwamphamvu mpaka pepala kubooka. Anati njoka ziwiri sizikhala una umodzi. Ndinamva, ndinasunga. Ndili Fomu 3 ndinalemba James' book monyadira, koma aphunzitsi ena anandibwezera s ija ndi cholembera chofiiranso, n'kundichotsera malikisi awiri. Mawa lake ndinanyamula kope langa lakale lija kukawaonetsa. Anavula magalasi, anayang'ana pobooka paja nthawi yaitali, kenako anati, "Amenewa anaphunzira zakale. Kakhale pansi." Ndinakakhala pansi. Chingerezi ukalephera satifiketi ya MSCE suiona, ndiye sukangana ndi munthu wogwira cholembera chofiira. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalemba the book of James, ngati Chichewa chovala jekete, kuthawa mlandu.

Patapita zaka ndinazindikira kuti aphunzitsi onse awiri ankanena zoona, ndipo apa ndi pamene ndinayamba kuwaopa a Nkhodolero. Ndani wina angachititse anthu awiri otsutsana kukhala olondola onse, wolakwa n'kukhala mwana yekha? Kabuku kotchuka ka William Strunk, The Elements of Style, ka mu 1918, lamulo lake loyamba penipeni ndi lomweli: wonjezerani nkhodolero ndi s, kaya dzinalo lathera ndi chilembo chanji. Buku la Chicago Manual of Style, limene osindikiza mabuku ambiri ku America amatsatira, lili mbali yomweyo. Koma atolankhani a Associated Press amati ayi, dzina likathera ndi s ikani nkhodolero yokha. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ovumbwawo ndife.

Musaganize kuti ndi ana a sukulu okha. Mu 2006 khoti lalikulu la ku America linaweruza mlandu wa Kansas v. Marsh, wokhudza chilango cha imfa. Woweruza Clarence Thomas, amene dzina lake lomwe limathera ndi s, analemba Kansas' m'chigamulo chake. Woweruza David Souter, potsutsa, analemba Kansas's. Za chilango cha imfazo anagamula, asanu kugonjetsa anayi. Za nkhodolero anatuluka m'khoti aliyense ndi yake. Chaka chotsatira, 2007, aphungu a boma la Arkansas anakhala pansi n'kuvomereza kuti umwini wa dera lawo uzilembedwa Arkansas's. Ganizirani, anthu osankhidwa ndi mavoti, atavala masuti, kukambirana kadontho kokhala ndi mchira. Chokoma n'chakuti s yomaliza ya Arkansas satchula n'komwe, choncho ankateteza ufulu woika s yomveka pambuyo pa s yosamveka. Mu 2024 Kamala Harris ataima pa chisankho cha pulezidenti, nkhondo inabukanso: Associated Press inkalemba Harris', The New York Times inkalemba Harris's, owerenga n'kumatukwanizana ngati nkhani ya malire a munda.

Mwina muti amenewo ndi Amereka, Chingerezi anachita kutengera. Chabwino, tiyeni kwa eni ake. Ku London kuli paki yachifumu yotchedwa St James's Park. Ku Newcastle, bwalo lija timalionera pa kanema Loweruka masana limalembedwa St James' Park. Ku Exeter kulinso bwalo la mpira, ilo ndi St James Park, a Nkhodolero sanaitanidwe. Dzina limodzi, dziko limodzi, kalembedwe katatu, ndipo palibe amene anachotseredwa malikisi.

Pakamwa ndiye pamene pali gule. Mwini chilankhulo akaona James's amatchula ngati Jemziz, kuwonjezera kaphatikizo kena kumapeto. Ife amene James timamutcha kale Jemusi, chifukwa lilime lathu silikonda kusiya liwu lopanda lembo la liwu kumapeto, timathera pa Jemusizi, ngati dzina la mankhwala a chifuwa. Yesani Moses's. Mozesizi. Mukamaliza anthu ayamba kuyang'ana kumene kwalowera njuchi. N'chifukwa chake akale anakonza zoti mayina ena akhululukidwe: Jesus', Moses', Socrates', Achilles'. Strunk yemwe uja, ndi kuuma mtima kwake konse, anawapatula mayina akalewa. Chilungamo cha a Nkhodolero n'chofanana ndi cha kumudzi pa ntchito ya chitukuko: nkhalamba siziumba nawo njerwa. Kungoti kuno kuti uwerengedwe nkhalamba uyenera kukhala utamwalira zaka pafupifupi 2,000 zapitazo kapena kuposa apo. Moses wa m'Baibulo wakhululukidwa. Moses wokonza njinga pamsika ayenera kusenza s yake. Ndipo masiku ano a Chicago anachotsa ngakhale chifundo chimenechi, akuti nayenso Jesus alembedwe Jesus's, aumbe nawo njerwa.

Mbiri yawo ndi ya mkamwini amene anabwera ndi kachikwama, lero ndi nyakwawa. Chingerezi chakale chinkaonetsa umwini ndi es kumapeto kwa mayina ambiri, popanda chizindikiro chilichonse. A Nkhodolero anachokera ku France, kumene wosindikiza mabuku Geoffroy Tory anawalimbikitsa cha m'ma 1529, ndipo ntchito yawo inali yolondera malo pamene chilembo chachotsedwa. E uja atafa m'katchulidwe, iwo anaima pamanda pake ngati chiliza. Chilizacho chinakhalitsa mpaka anthu anaiwala amene anaikidwapo, n'kuyamba kuchimanga ngakhale pamene sipanafe munthu. Pakati apo panabukanso mphekesera yoti s ya umwini ndi chidule cha his, moti olemba ena a zaka za m'ma 1500 ndi 1600 ankalemba his yense pambuyo pa dzina, makamaka mayina othera ndi s omwewa. Akanafunsa amayi akanawauza msanga kuti sizoona, poti s yomweyo imamatidwanso pa mayina a akazi.

Adani ali nawo, monga mfumu iliyonse. Mu 2009 khonsolo ya mzinda wa Birmingham inaganiza zosiya kuwaika pa zikwangwani za misewu. Sitolo ya mabuku ya Waterstones inawachotsa pa dzina lake mu 2012, sitolo ya mabuku, taganizani. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka: ukawamenya umaswa dzina la munthu. Asilikali nawonso ali nawo. Mtolankhani wopuma ntchito John Richards anayambitsa bungwe lowateteza, Apostrophe Protection Society, mu 2001 ku Boston ya ku Lincolnshire, ndipo analitseka mu 2019 ali ndi zaka 96, akudandaula kuti umbuli ndi ulesi zapambana. Mpumiro ndi mfunsiro ayambe apeza munthu wowamenyera nkhondo mpaka zaka 96, kenako tidzakambirane.

Chaka chatha mlamu wanga, amene dzina lake limathera ndi s, anatsegula golosale. Anandiitana tsiku lolemba chikwangwani, poti pabanja pathu wophunzira amati ndine. Ndinapeza wolemba zikwangwani ali pamakwerero, chitini cha penti wofiira chili m'manja, dzina walemba kale.

"Akulu, apa tiikepo s ina kapena ayi?" anafunsa ali m'mwamba momwemo.

Ndinakonza kukhosi. Ndinayamba ndi Strunk, ndinadutsa ku Newcastle, ndinali nditangofika pa oweruza a ku America pamene mlamu anandidula.

"Alamu, dikirani kaye. Amisiri, chilembo chimodzi mukuti ndi zingati?"

Anatchula mtengo.

"Nanga kokoleka m'mwambako?"

"Ako n'kaulere, bwana."

"Basi ikani kaulereko."

Mmisiri anayang'ana khoma, anaona kuti kumapeto kwa dzina malo atha, zenera layandikira. Ndiye anaviika burashi n'kukoleka a Nkhodolero pamene panali mpata, pakati pa s ndi chilembo cham'mbuyo mwake. Likanakhala dzina la James, ndiye kuti analemba Jame's. Ndinatsegula pakamwa, koma mlamu anali akuwomba kale m'manja, akuti zaoneka ngati za m'tauni. Penti anayenderera pang'ono, mchira wa a Nkhodolero n'kutalika kuposa zilembo zonse. Anandipatsa Fanta wozizira chifukwa cha uphungu wanga, ndipo ndinamwera pakhonde pomwepo, pansi pawo.