Mmene mungadzivutitsire pochita lendi ku Zomba

Zipinda zogona za pa Chirunga sizikwanira ophunzira onse a University of Malawi, n'chifukwa chake ambiri amakachita lendi ku Chikanda, ku Matawale, ngakhale ku Chinamwali. Inu amene mwasankhidwa kumene, ngati mukufuna kuti chaka chanu choyamba chikhale cha misozi, njira yake nayi.

Tumizani ndalama nyumba musanaione. Dobadoba akutumizirani zithunzi pa WhatsApp n'kunena kuti chipinda chatsala chimodzi ndipo anthu akuchilimbirana. Dzina la mwini nyumba musafunse. Ponyani lendi ya miyezi itatu pa Airtel Money kapena Mpamba, muwonjezeponso yake ya iyeyo. Tsiku lofika ndi matiresi anu, foni yake mudzaipeza yozima, kapena m'chipindamo mudzapezamo mnzanu amene analipiranso kwa munthu yemweyo. Ndalamayo ndi ya nandolo kapena mbuzi imene makolo anu anagulitsa, ndipo sibwerera.

Mukati mukaione, pitani nthawi ya chilimwe, pansi pali gwa. Musayang'ane kudenga ngati malata ali obooka, musaone pamene chinyontho chinalekezera pakhoma, musafunse aneba kuti madzi otsika m'phiri amadzera pati popita ku Likangala. Ku Zomba mvula imagwa yambiri. Mu Januwale mabuku ndi laputopu zidzanyowa usiku umodzi wokha.

Za magetsi musakambirane. Mita ya ESCOM ndi imodzi, zitseko zisanu. Wina akuphika nyemba pa hotipuleti, wina akusita, inu muli ndi babu limodzi ndi chaja, koma posonkha ya mayunitsi muzipereka mofanana. Adzatha usiku woti mawa lake mayeso. Musafunsenso ngati amene anatuluka anasiya ngongole ya madzi.

Chachikulu pa zonse, musalembe kalikonse. Alandilodi akati "ndiwe mwana wanga, mapepala ndi a chiyani?" vomerani. Ambiri a iwo ndi anthu abwino ndithu, koma mawu apakamwa aliyense amawakumbukira mwakemwake. Kodi pa holide muzilipira yonse, theka, kapena ayi? Katundu wanu atsala m'chipindamo? Lendi ikamakwera akuuzani kudakali miyezi ingati? Loko akathyoka akonza ndani? Mafunso amenewa asiyeni, lisiti musapemphe, kakope kosainirana musagule. Pobwera ku holide mudzapeza ngongole ya miyezi iwiri ikukudikirani, kapena zovala zanu zili m'thumba pakhonde, m'chipindamo mwalowa wina.

Sankhani nyumba yakutali poti ndi yotchipa, osawerengera ya kabaza ya tsiku ndi tsiku. Ikatha, muziyenda nokha mumdima pochokera ku laibulale, laputopu ili kumsana. Apa mtima wanga umawawira makamaka atsikana, pakuti chimene angataye m'njira zimenezi sichigulidwanso.

Aneba musawapatse moni. Wailesi izisokosa mpaka pakati pa usiku, ndipo pakagwa maliro pafupi tsekani chitseko, musakapepese. Anthu amenewa analipo inu musanabwere. Ndi omwewo amene akanakuuzani za mpopi wouma ndi njira yoopsa, ndi omwewonso amene akanathamanga nanu ku Zomba Central Hospital malungo atakugwirani usiku.

Inu makolo, mwana wanu akamapita ku Zomba chaka chino, kwerani naye minibasi. Mukaione nyumbayo ndi maso anu, mukakumane ndi mwini wake, ndipo mukasainirane musanatulutse ngakhale tambala.