Mlendo akufuna njerwa zakale, ife tikumulozera ku molo

Mlendo wochokera kunja akaima pa Victoria Avenue mumzinda wa Blantyre, chikwama kumsana, botolo la madzi m'manja, n'kufunsa kumene kuli nyumba yakale kuposa zonse, dziwani kuti waitanitsa msonkhano wopanda wapampando. Woyamba kuyankha amakhala wogulitsa mayunitsi, yemwe amakanda kumutu n'kufunsa kuti, "Yakale bwanji, bwana? Yogula kapena ya lendi?" Wachiwiri amaloza kum'mawa, wachitatu kumadzulo, ndipo wakabaza amene wafika mochedwa amalumbira kuti akuidziwa bwinobwino, chonsecho funsolo sanalimve n'komwe. Palibe amene angayankhe kuti "sindikudziwa", poti kwathu kuno kumuuza mlendo choncho ndi mwano. Kuli bwino kumusocheretsa mwaulemu kusiyana n'kumusiya ataima. Komatu chimene chimawavuta anthu a mu Kabula si njira ayi. Chimawazunguza mutu n'chakuti munthu wanzeru zake, wolipira ndege ndi ndalama zake, angafune bwanji kuona chinthu pa chifukwa chokha choti n'chakale.

M'tauni muno mawu akuti "chakale" ndi chitonzo. Nyumba yakale ndi ija yodontha, ya malata adzimbiri, imene mwini wake amapepesa alendo asanakhale pansi. Munthu akapata ndalama, ntchito yoyamba ndi kufafaniza umboni wonse woti anavutikapo: pulasitala, penti yowala, matailosi, ndi mpanda wautali wa magalasi osweka pamwamba. Ndiye mlendo akati mundionetse zakale, khutu lathu limamva kuti mundionetse umphawi wanu. N'chifukwa chake wolandira mlendo wamanyazi ake amamukweza galimoto n'kupita naye ku molo ya ku Chichiri, kukamuonetsa mafiriji, matirole ndi tchizi, zinthu zimene mlendoyo wazisiya kwawo dzana. Mlendo amamwetulira mwaulemu, mwinimudzi naye amamwetulira monyada, ndipo aliyense amabwerera akumumvera chisoni mnzake.

Chodabwitsa n'chakuti mbiri imene mlendoyo akuisaka ife timaitafuna pakamwa tsiku lililonse osaimva kukoma. Nyumba imene amafunsa ija ndi Mandala House, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes imene ankayendetsa abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi, anthu n'kumupatsa dzina loti Mandala, ndipo dzinalo linamatirira pa nyumba, pa sitolo, mpaka pa dera lonse. Lero munthu amanena modzitama kuti amakhala ku Mandala, osadziwa kuti akukhala m'magalasi a mzungu amene anamwalira kalekale. Kondakitala amakuwa "HHI! HHI!" mpaka mawu kusasa, koma mufunseni za mwini dzinalo, Henry Henderson, amene anasankha malo a mishoni mu 1876, akuuzani kuti mulipire kaye. Pa Ginnery Corner anthu amatsika ndi kukwera osafunsa kuti thonje limene linkachotsedwa njere pamenepo linapita kuti. Kwa ife malo a mbiri ndi masiteji basi, ndipo nyumba yodziwika ntchito yake ndi yoti uzinena kuti "ukafika pamenepo ukhotere kumanzere".

Kumene kusamvana kumafika pachimake ndi pa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Chinamangidwa kuyambira mu 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, pamodzi ndi amisiri a konkuno amene anali asanamangepo chinthu chotero. Njerwa zinaumbidwa ndi kuwotchedwa pafupi pomwepo, m'zikombole zamitundumitundu, moti ukayandikira khoma umaona zina zokhota, zina zosongoka, zina zotuluka pang'ono ngati milomo, zonse zikulukana mpaka kukafika ku nsanja. Mlendo amaima pamenepo theka la ola, mphuno pafupi ndi khoma, akujambula njerwa. Njerwa zokhazokha, popanda munthu! Kwa mwana wa mu Blantyre kumeneko n'kuononga chithunzi. Tchalitchi chimenechi timachidziwa ngati khoma labwino loimirapo akwati Loweruka, pamene chovala cha mkwatibwi chimaphimba chitseko, aperekezi khumi n'kuphimba mawindo, ndipo wojambula amakuwa kuti, "Ankolo, sunthani, mukutchinga keke ya anthu!" ngakhale keke ili ku holo. Mlendo akapempha kuti anthu apatuke kuti ajambule nyumba yokha, amayi a mvano amayang'anana n'kunong'onezana kuti mwina kwawoko alibe abale.

Wina anena kuti mbiri siphikidwa, ndipo munthu amene akusaka ya ndiwo alibe nthawi yosirira njerwa. Mfundoyi ikanamveka tikanakhala kuti sitidziwa kudya mbiri, koma timadziwa kwambiri. Mlendo akangotulutsa kamera, nthochi zimakwera mtengo pompo, wataksi amaiwala mwadzidzidzi mtengo wa masiku onse, ndipo pamatulukira mnyamata wa tayi amene amadzipatsa yekha udindo woonetsa malo. Iyeyu salephera funso. Amafotokoza molimba mtima kuti tchalitchicho anamanga ndi David Livingstone ndi manja ake, ndipo mukamukakamiza akulozerani mtengo umene ankapumirapo. Zoti Livingstone anamwalira mu 1873, mishoni isanayambe n'komwe, ndiponso zoti mzindawu unangotengera dzina la mudzi wa kwawo ku Scotland, zimenezo n'zazing'ono kwa munthu amene akuwerengera kale za chipisi chamasana. Choncho njala sitilepheretsa kuona phindu la nyumba zakale. Imangotiphunzitsa kugulitsa katundu amene sitinamutsegule.

Ena, makamaka ophunzira, amati nyumbazi n'za atsamunda, ndipo n'chibwana kunyadira khonde limene agogo athu sankaloledwa kukhalapo. Apa pali zoona, ndipo mlendo amene amausa moyo posirira "masiku abwino akale" ayenera kufunsidwa kuti anali abwino kwa yani. Naye ali ndi zake zoseketsa: amalowa m'tchalitchi atavala kabudula, amawerenga mbiri ya malo pafoni ataimirira kutsogolo kwa gogo amene anabatizidwira momwemo, ndipo amajambula mayi wosenza dengu ngati naye anamangidwa mu 1882. Komabe dothi la njerwa zija ndi la pano, ndipo manja amene analiponda, kuliumba ndi kulikweza pamwamba anali a Amang'anja, Ayao ndi anzawo. Kuisiyira Scotland nyumba yonse n'kuwalanda amisiri aja kachiwiri. Ndiponso tisanamizane kuti timadana ndi zachitsamunda, ife amene timavala suti ndi tayi mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Dikishonale ya Chimang'anja imene Scott yemweyo anatulutsa mu 1892 ndi ya chilankhulo chathu chomwe, koma nayo sitiifunsa. Chimene timakana si mwini wake wa chinthu, ndi zaka zake.

Mwina ndi mwayi wa nyumbazi kuti sitiziyang'ana kwambiri. Tsiku limene anthu a m'tauni adzazikonde ndi mtima wonse, padzakhala komiti, ndipo komiti ya anthu ofuna zabwino siingalole kuti nyumba yolemekezeka chotero ikhale ya njerwa zosapaka ngati ya munthu amene ndalama zinamuthera panjira. Msungichuma adzabwera ndi mtengo wa matumba a simenti, amayi adzasankha pakati pa penti ya pinki ndi ya kirimu, ndipo wachinyamata wina wodziwa zamakono adzaimika dzanja n'kupempha kuti mawindo akalewo achotsedwe, aikepo a aluminiyamu a magalasi abuluu.