Ulemu kwa a Impedance, Odya Theka

Tikamayamikira magetsi timatchula zooneka ndi maso: babu, firiji, transifoma yong'ung'udza pamtengo. Koma alipo akuluakulu ena amene sanapatsidwepo mpando wakutsogolo, chonsecho palibe mphamvu yotuluka m'jenereta kapena m'ampulifaya osadutsa m'manja mwawo. Amenewa ndi a Impedance a m'kati mwa gwero la magetsi. Amakhala m'mawaya okulungidwa a jenereta, m'matumbo a ampulifaya, ngakhale m'eriyo ya wailesi. Lendi salipira, ndipo sanabadwe katswiri wowasamutsa. Dzina lawolo anawapatsa ndi Oliver Heaviside mu 1886, koma kudya anayamba kalekale asanatchulidwe.

Manja ali nawo awiri. Lina ndi resistance, ndipo limeneli ndi lodyera: chimene lagwira chimasanduka kutentha, sichibwereranso. Linalo ndi reactance, limene limadzuka pa magetsi a AC okha, aja opita ndi kubwerera, kwathu kuno ka 50 pa sekondi. Dzanja limeneli silidya kanthu. Limabwereka mphamvu n'kubweza yonse, kubwerekanso n'kubwezanso, ndipo mumpungwepungwe umenewu karenti imachepa komanso siyendanso sitepe imodzi ndi voteji. Ndani winanso angakuchepetsereni chakudya osalawako ngakhale nyenyeswa? Luso lotere n'losowa.

Chimene ndimawalemekezera kwambiri n'chakuti sabisa mawu. Akuba ena amabwera usiku. Awa lamulo lawo linasindikizidwa m'mabuku. Limati: ngati mukufuna kuti chida chanu, chimene amisiri amati load, chilandire mphamvu yochuluka koposa kuchokera ku gwero limene muli nalo, chikhale ndi resistance yofanana ndi yawo ndendende, koma reactance yake ikhale yotsutsana ndi yawo. Iwo akapendekera ku koyilo, inu bwerani ndi capacitor ya msinkhu womwewo. Pokudya mufanane nawo, pobwereka mutsutsane nawo.

Tiyeseko ndi manambala, poti ulemu wa pakamwa pokha sukhutitsa. Gwero likhale la ma volt 10, m'kati mwake muli resistance ya ma ohm 5 ndi reactance ya koyilo ya ma ohm 12. Mukalumikiza chida cha ma ohm 5 chokha, chimalandira ma watt 2 ndi kachidutswa. Onjezani capacitor ya ma ohm 12, dzanja lobwereka lija lipeze mnzake wosewera naye. Karenti ifika ampeya imodzi ndipo chida chanu chilandira ma watt 5. Apa ndiye pamwamba penipeni. Mukati muchenjere n'kutsitsa chidacho pa ohm imodzi, mupeza ma watt osakwana 3. Mukachikweza pa ma ohm 20, mupeza 3.2. Kulikonse kumene mungathawire mukutsika phiri.

Nanga pamwamba paja a Impedance atengapo zingati? Ma watt 5 nawonso. Theka lanu, theka lawo, ngati anthu awiri odyera mbale imodzi ya nsima amene agwirizana kuti wina akatema mbamu, winayo atemenso yofanana. Chilungamo choposa apa mukachipeza kubwalo la mfumu iti? Taonaninso kudzichepetsa kwawo. Pa ma ohm 20 paja iwo amakhutira ndi ma watt 0.8 okha, n'kukusiyirani magawo 80 pa 100 a mphamvu yonse yopangidwa. Mukavomera kulandira zochepa, iwonso amamanga lamba. Koma mukafuna zonse zimene gwero lingapereke, mudya nawo mofanana basi.

Amene analemba lamuloli cha m'ma 1840 ndi Moritz von Jacobi, uja anayendetsa boti ndi mota ya mabatire pa mtsinje wa Neva ku St Petersburg mu 1838. Iye ankachita ndi magetsi a DC. Za reactance zinamveka bwino pambuyo pake, Charles Steinmetz ataphunzitsa akatswiri mu 1893 kuwerengera AC ndi manambala a mbali ziwiri. Pakati pa zaka zimenezi akuluakuluwa anadya bwino kwambiri, ndipo sanachite kuba. Akatswiri ambiri anamva lamulolo chagada. Anaganiza kuti jenereta yabwino ndi imene resistance yake ya m'kati ikufanana ndi ya chida, choncho palibe makina angapereke zoposa theka. Anthu ophunzira ankawanenepetsa dala a Impedance! Komatu lamuloli limangokuuzani kasankhidwe ka chida pamene gwero simungalisinthe. Ngati gwerolo mukulimanga nokha, resistance ya m'kati yabwino ndi yochepetsetsa. Thomas Edison ndi katswiri wake wa masamu Francis Upton anaona zimenezi ku Menlo Park cha m'ma 1879, n'kumanga jenereta yopereka magawo opitirira 80 pa 100. A Impedance sanadandaule kapena kukasuma. Anawonda mwaulemu.

Mpaka lero opanga magetsi amawadyetsa moumira. Majenereta a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira akanati azitsatira lamulo la Jacobi, theka la mphamvu ya Shire likanathera potenthetsa makina ndi mawaya, ndipo voteji yofika pasoketi ikanagwa ndi theka. Kumeneko akuluakuluwa amawaika kukhonde. Komabe ukaipa dziwa nyimbo: mawaya akagundana, chimene chimaletsa karenti kukwera mopanda malire ndi iwo omwewa. Transifoma ya impedance ya 5 peresenti siilola karenti ya ngozi kupitirira ka 20 pa mlingo wake, ndipo fyuzi imapeza mpata wophulika isanayake nyumba. Pa tsiku lotere palibe amawanena kuti ndi osusuka.

Ufumu wawo weniweni uli ku wailesi. Kamphamvu kamene eriyo ya foni imatola mumlengalenga n'kochepa mochititsa chifundo, sikakwana ngakhale gawo limodzi mwa miliyoni la watt, ndipo palibe amene amalira theka lotayikalo; chofunika n'chakuti chofikacho chikhale chambiri momwe zingathekere. Kumeneko mainjiniya amagwada. Amalumikiza tima koyilo ndi tima capacitor ting'onoting'ono pakati pa eriyo ndi wailesi kuti zonse zigwirizane. Zingwe za zida zoulutsira mawu zinakhazikika pa ma ohm 50, za TV ndi dishi pa ma ohm 75. Mukasakaniza mosasamala, gawo la mphamvu limakafika kumapeto kwa chingwe n'kubwerera kumene lachokera, ndipo pa transmita yamphamvu likhoza kuotcha zida. Phillip Smith wa ku Bell Labs anafika powajambulira tchati chapadera mu 1939, chozungulira, chodzaza mizere yopindika, chimene ophunzira amachiyang'ana ndi maso a mantha mpaka pano. Ndi mafumu angati ali ndi mapu ongosonyeza njira zowasangalatsira?

Pamene awiri sangafanane, transifoma imakhala nkhoswe. Ampulifaya yakale ya ma valve inkafuna kuona ma ohm masauzande, pomwe sipika ili ndi 8 okha. Transifoma ya mapindi 25 mbali ina pa pindi limodzi mbali inayo imachulukitsa impedance ka 625, ndipo 8 uja amaoneka ngati 5,000. Ukwati umatheka.

Ma ampulifaya a masiku ano anawachepetsa akuluakuluwa mpaka kutsala kachigawo ka ohm imodzi, ndipo ena amayesa kuti anamwalira. Kafunseni oimba zimbale m'maukwati. Wina amatenga masipika anayi a ma ohm 8, n'kuwalumikiza onse mbali ndi mbali pa chanelo imodzi, osadziwa kuti watsitsa load yonse pa ma ohm 2, pomwe ampulifayayo inalembedwa 4. Karenti imakwera, chitsulo chakumbuyo chimatentha moti sungachigwire, ndipo pakati pa pelekanipelekani, ankhoswe atangosolola ndalama, zoimbira zimangoti zii.