Ndege Zikaima, Gulani Ndege

Bwana, mwati mukufuna kutsegula kampani ya ndege zotchipa, koma mukudikira kaye kuti chuma chiyambe kuyenda bwino, anthu akhale ndi kangachepe m'thumba. Mwaphonya kale. Ndege sagula anthu akamayenda. Amagula mabwalo a ndege ali zii, mahotela atatseka, opanga ndege akugona ndi foni kumutu kudikira aliyense amene angaimbe, ngakhale wolakwitsa nambala.

Namkungwi wathu pa mwambowu ndi Michael O'Leary wa ku Ireland, katswiri wowerengera ndalama amene wakhala pampando wa Ryanair kuyambira 1994. Kampaniyo idayamba kuuluka mu 1985 ndi kandege ka mipando 15 pakati pa Waterford ndi Gatwick. Lero imanyamula anthu okwana 200 miliyoni pachaka. Kukulako kwakhala kukuchitika kwambiri m'zaka zimene anzake amalira.

Zigawenga zitaphulitsa nyumba ku America pa 11 Sepitembala 2001, anthu adayamba kuopa ndege, makampani akuluakulu n'kumabweza maoda. Patangotha miyezi inayi, mu Januwale 2002, O'Leary adagogoda kwa Boeing: ndege 100 za mtundu wa 737-800, ndi mwayi woonjezerapo zina 50. Wogulitsa amene wakhala tsiku lonse popanda womufunsa mtengo savuta kumunenerera. Mu 2020 adabwerezanso. Ndege ya 737 MAX idali italetsedwa kuuluka padziko lonse kutsatira ngozi ziwiri zimene zidapha anthu 346, imodzi mwa izo ya Ethiopian Airlines mu Malichi 2019. Pamwamba pa izo padadza Covid-19. Mu Disembala 2020, pamene anthu ambiri sankaloledwa ngakhale kukaona agogo awo, Ryanair idaoda ndege zina 75 za mtundu womwewo, zonse pamodzi n'kukwana 210. Dzina likanunkha, bwana, musalimbane nalo, lisintheni: iwo amazitchula kuti 737-8200, kapena Gamechanger. M'kati mwake muli mipando 197, pamene zakale zinali ndi 189. Mukafunsidwa kuti malo a mipando 8 yoonjezerayo achokera kuti, kumbukirani kuti mawondo a munthu adalengedwa opindika.

Koma musathamangire kwa Boeing chimanjamanja. Gule ameneyu amavina ndi amene ali ndi nkhokwe. Mliri utayamba, Ryanair idali ndi ndalama pafupifupi €4 biliyoni zongokhala, ndipo ndege zake zambiri zinali zakezake, osati zobwereka. Amene adalowa m'chilalacho ndi ngongole zokhazokha adagwa: Flybe idatseka mu Malichi 2020, Norwegian idasiya maulendo aataliatali mu Januwale 2021. Abale athu a ku Joni akukumbukira ndege zobiriwira za kulula ndi zija zamtundu wa lalanje za Mango. Mango idaima mu 2021, ndipo Comair, mwini wa kulula, adatsatira mu 2022.

Nkhokweyo adzakudzazireni ndi wokwera, ndipo adzakuthokozani pochita zimenezo. Mugulitseni tikiti pamtengo wozizira, woti akauona aganize kuti kompyuta yalakwitsa. Alipiretu lero ulendo wa miyezi itatu ikubwerayo, ndalamazo zizigona kwa inu. Kenako muyambe kumudyera pang'onopang'ono. Akufuna kukhala pafupi ndi mkazi wake? Alipire. Chikwama chachikulu? Alipire. Waiwala kutsimikiza ulendo wake pa intaneti asanafike pabwalo? Ku Ryanair kuiwala kumeneko ndi €55. Pachipata ikanipo kabokosi kachitsulo koyezera zikwama. Mudzaona bambo wamkulu, waulemu wake, atagwada pansi, akukankha chikwama ndi bondo kuti chilowe, kenako akuchitsegula, kutulutsa majekete atatu n'kuwavala onse nthawi imodzi, nsapato ina akuilowetsa m'thumba la jekete, mzere wonse ukumuyang'ana. Musamumvere chisoni. Iyeyo mumtima akuona kuti wakupusitsani.

M'ndegemo mipando isamapendekeke, kumbuyo kwake kusakhale kathumba koikamo zinthu, kuti pasakhale choyeretsa. Chikalata cha malangizo a pangozi chimateni pampando, sichisowa. Ndege ikatera, pakutha pa mphindi 25 ikhale itanyamukanso, atsikana ndi anyamata operekera alendo atatolera okha zinyalala, poti ndege imapanga ndalama ili m'mwamba basi. Ndipo musatere pa mabwalo odula. Pezani kabwalo kakale ka asilikali kumidzi, mukatche dzina la mzinda waukulu. Frankfurt-Hahn ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Frankfurt. Ndi chimodzimodzi kumulembera munthu tikiti ya ku Lilongwe n'kukamutsitsa ku Kasungu, n'kumuuza kuti basi ilipo, yolipira payekha.

Zotsatsa malonda musaonongerepo ndalama. Ukaipa dziwa nyimbo. Mu 2009 O'Leary adangonena kuti akulingalira zolipiritsa paundi imodzi kwa wofuna kulowa m'chimbudzi cha m'ndege. Sizinachitike, koma nyuzipepala za dziko lonse zidamulengezera kampani yake kwaulere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo tsiku lina, bwana, mwina adzatsekula ndi khadi la kubanki.

Tsopano tikhale pansi bwinobwino, tikambe za oyendetsa ndege, poti apa m'pamene pagona luso lonse. Mtengo wa mafuta umachokera kutali, simungaukalipire. Woyendetsa ndege yekha ndi amene mungamuitanire mu ofesi.

Ngati n'kotheka, musamulembe ntchito. Mnyamata wamaliza sukulu ya ndege, makolo atapinyolitsa nyumba kuti apeze fizi. Akafika kwa inu, muyamikireni chiphaso chakecho, kenako mumukumbutse kuti 737 sanaiphunzire, ndiye alipire yekha maphunziro ake, pafupifupi €30,000 monga zinkakhalira ku Ryanair kwa zaka zambiri. Akakhoza, mulozereni ku kampani yolemba aganyu, yonga Brookfield Aviation, kumene akamuthandize kutsegula kakampani kake ku Ireland. Mnyamata woti ndevu sizinagwirane, lero ndi dayirekitala! Kampani yakeyo ilibe ofesi, ilibe mlonda, malonda ake ndi manja ake awiri. Iyo imagulitsa maola kwa olemba aganyu aja, iwo n'kugulitsa kwa inu. Akauluka, alandira. Akadwala, dayirekitala adzionere yekha. Nyengo yozizira okwera akachepa, apume mwaufulu, popanda malipiro. Za penshoni akakambirane ndi bwana wake m'mawa pagalasi, akamameta. Yunifolomu avale yanu ndithu, kuti okwera asadabwe. Ofufuza milandu a ku Germany adafikapo pofunsa mafunso a msonkho pa dongosolo limeneli, choncho loya wabwino musamuiwale pa bajeti.

Chokhacho, chenjerani ndi zaka zokolola, chifukwa m'pamene waganyu amakumbukira kuti ali ndi miyendo. Mu 2017 anthu ankayenda kwambiri, makampani akulimbirana oyendetsa ndege, Norwegian ikukokera ambiri kwa iyo. Lamulo la ku Ulaya sililola munthu kuuluka maola oposa 900 pachaka, ngakhale mutamulonjeza chiyani. Ryanair idasokoneza ndandanda wa tchuthi, ndipo mu Sepitembala idapezeka ili ndi ndege koma yopanda oziyendetsa. Idalephereketsa maulendo pafupifupi 20,000, anthu okwana 700,000 n'kukhudzidwa. O'Leary, amene ankakonda kunena poyera kuti ntchito yoyendetsa ndege si yovuta kwenikweni, adalemba kalata yopepesa. Pofika Disembala, oyendetsawo ataopseza kunyanyala ntchito pa Khirisimasi, kampaniyo idavomera kukambirana ndi mabungwe a ogwira ntchito, chinthu chimene idachikana kwa zaka 32. Zimawawa, bwana. Koma pirirani, chilala sichichedwa.

Chikafika, musatulukire ndi mawu oti mukudula malipiro. Umenewo ndi ubwana. Tchulani nambala ya anthu ochotsedwa ntchito. Pa 1 Meyi 2020 Ryanair idalengeza kuti ntchito zokwana 3,000 zili pachiswe. Nambala yotere isiyeni igone nawo m'nyumba kwa milungu ingapo. Woyendetsa ndege akudziwa kuti kwina kulikonse ndege zaima, palibe kothawira. Akudziwanso chinthu chimene okwera ambiri sachidziwa: luso lake limavunda akangokhala. Kuti aloledwe kunyamula anthu, ayenera kukhala atanyamutsa ndi kutereza ndege katatu m'masiku 90 apitawo, apo ayi akakonzedwenso pamakina ophunzirira, ndipo makinawo si aulere. Ngongole ya sukulu ija nayo siidziwa za mliri. Ndiye dikirani. Bungwe lomwe lija linkakusowetsani tulo lidzabwera lokha ndi cholembera. Mu Julayi 2020 oyendetsa ndege a Ryanair ku Britain, kudzera m'bungwe lawo la BALPA, adavota kuvomera kuti malipiro awo adulidwe ndi 20 peresenti, adzabwerere m'malo pang'onopang'ono m'zaka zinayi. Operekera alendo adadulidwa pakati pa 5 ndi 10 peresenti. Mwaonatu ubwino wa bungwe? Kale mukadanyengerera munthu mmodzimmodzi. Tsopano siginecha imodzi yakwanira onse.

Tisanamizane, chaka chimenecho magazi adatayikadi. Okwera adatsika kuchoka pa 149 miliyoni kufika pa 27.5 miliyoni, ndipo m'chaka chothera Malichi 2021 kampaniyo idaluza €815 miliyoni. Ntchito zambiri zidapulumukadi chifukwa cha mgwirizano uja. Nambala zimenezi muzisunge, muziziwerenga mokweza pa msonkhano uliwonse ndi nkhope yamaliro. Chimene simuyenera kuchita ndi kuziwerenga tsiku limodzi ndi nkhani ya ndege 75 zija. Wina wamakani akafunsa kuti kampani yosowa ndalama zolipira anthu ikuoda bwanji ndege, mufotokozereni modekha kuti ndege ndi tsogolo, pamene malipiro ndi chipsinjo, ndipo ziwirizi zimalembedwa pa masamba osiyana.

Anzanu akathamangira ku boma kukapempha thandizo, fuulani. Germany idakonzera Lufthansa €9 biliyoni, France idapereka €7 biliyoni kwa Air France, ndipo Ryanair idasumira thandizo lotere kangapo konse kukhothi la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, ponena kuti likupotoza mpikisano. Ina mwa milanduyo idapambana: mu Meyi 2023 khothi lidagamula kuti chilolezo cha gawo lalikulu la thandizo la Lufthansa chidaperekedwa molakwika. Apa sindikutsutsa, mfundo yawo inali ndi mutu. Kungoti pofuulapo, dzanja lina lizikhala likusaina mwakachetechete. Ryanair yomweyo idabwereka £600 miliyoni ku thumba la mliri la Bank of England. Imeneyo musamaitchule thandizo. Ndi ngongole chabe, yachiwongola dzanja chofewa, imene idangokupezani panjira.

Anthu akayambanso kuyenda, mavuto anu adzakhala ena: ndege zachuluka, anthu mudachotsa. József Váradi wa Wizz Air, amene mu Epulo 2020 adachotsa antchito 1,000 koma n'kumatsegula malo atsopano m'mizinda ingapo mliri uli m'kati, adapeza mankhwala ake mu 2022. Adauza antchito kuti aliyense ndi wotopa, koma nthawi zina pamafunika kudzikoka. Mabungwe a oyendetsa ndege adakwiya kwambiri, poti pa ntchito imeneyi kunena kuti watopa si ulesi, ndi lamulo lachitetezo. Kampani idati mawuwo sankanena oyendetsa ndege okha. Inu phunziranipo: mawu otere muzilankhula foni zonse zitasiyidwa panja.

Malipiro muwabwezere m'malo nthawi isanakwane, musanakakamizidwe. Ryanair idatero kwa ambiri mu Disembala 2022, ndipo idatamandidwa. Palibe amene adzakhale pansi n'kuwerengera kuti kubwezera malipiro pomwe adali si kubweza zimene munthu sanalandire kwa zaka ziwiri ndi theka, kapena kuti mitengo ya zinthu sinali kumudikirira. Chaka chothera Malichi 2023 phindu lidakwana €1.43 biliyoni, chotsatiracho €1.92 biliyoni. Mu Meyi 2023 adagogodanso kwa Boeing, ulendo uno kukamba za ndege zofika 300.

Nanga inu mwini, bwana? Malipiro anu dulani ndi theka, ndipo atolankhani adziwe. O'Leary adachita zimenezo mliri utayamba, ndipo palibe woyendetsa ndege amene akadati bwana sakusenza nawo. Chofunika n'chakuti pepala lenileni mukhale mutasainiratu. Lake adasaina mu 2019: ufulu wogula masheya 10 miliyoni pa €11.12 iliyonse, malinga mtengo wake utafika €21 n'kukhalapo masiku 28, kapena phindu la pachaka litakwana €2 biliyoni. Mtengowo udafikapo mu 2025. Chotsani 11.12 pa 21, muchulukitse ndi 10 miliyoni, mupeza pafupifupi €100 miliyoni. Chomwe akuyenera kuchita kuti azilandire ndi kusachoka pampando mpaka 2028. Masamu amenewa muchitire kunyumba, osati m'chipinda chimene oyendetsa ndege amamwera tiyi, amenenso, ndisanaiwale, azigula okha.