Alangizi, ndiwo zatha!

Atandisankha kumpingo kuti ndikhale mlangizi pa kampu ya achinyamata ya tchuthi cha Ogasiti, ndinathamangira kaye kokameta. Ndinkadziona ndili pansi pa mtengo, wezulo ali m'khosi, ana ali chete kutola nzeru zogwa pakamwa panga. Mayi a kunyumba anangoti, "Inu bambo, ana anu omwe sakumverani, nanga a eni ake mukawatani?" Ndinawayankha kuti ana a eni amaopa ndevu. Anandikumbutsa kuti ndevuzo ndazisiya kometa kuja.

Papepala ntchitoyi ndi yaulemu: kudzutsa ana mbandakucha, kuitana mayina, kuwaphunzitsa kumanga mfundo za chingwe ndi kusamalira wovulala asanafike kuchipatala. Usiku anyamata agone uku, atsikana uko, pakatipo pakhale ine ndi tochi. Chimene pepalalo silinena n'chakuti mwana wa zaka 15 akaguba padzuwa amameza ngati chigayo. Choncho mlangizi weniweni simumupeza pansi pa mtengo ayi. Ali pa msika wa Lundazi, thumba lili paphewa, akukangana mtengo wa kapenta.

Paja Robert Baden-Powell, amene anayambitsa masikauti, kampu yake ya mu 1907 anakachitira pa chilumba cha Brownsea ku England ndi anyamata pafupifupi 20. Mkuluyo anali wochenjera. Pachilumba mwana angathawire kuti? Akanayesa kuno, kumene mbali iyi kuli chiwaya cha tchipisi, mbali inayo salaula wangomasulidwa kumene, bwenzi usikauti utathera pomwepo.

Popita kumsikako ndinatenga ana 8 oti andinyamulire katundu, ndi kuti aonere mmene munthu wamkulu amagulira zinthu. Mayi wa kapenta anandilandira ndi Chitumbuka chokoma, "Monire ŵadada," ine mtima dyokodyoko, dzanja lalowa kale m'thumba. Apo kamtsikana kena ka giredi 8 kanandigwira mkono. Kanatapa kapentayo, kumununkhiza, kumupukusa m'manja mpaka mchenga unayoyoka. Kenako kanatembenuza meda yoyezera, ndipo tonse tinaona kuti kunsi kwake kunaphwanyidwira m'kati.

"Amama, apa mutiikire mbasela," kanatero.

Mayiwo anaseka, n'kuwonjezera manja awiri odzaza. Panyemba kanachitanso zomwezo, kusanthula timabowo ta anankafumbwe. Ine ndinaima kumbuyo ndikugwedeza mutu pang'onopang'ono, kuti anthu aziti ndine ndinakaphunzitsa.

Tsono lamulo lalikulu la mlangizi ndi kuwerenga ana. Kuwerenga ponyamuka, pofika, pakudya, ngakhale kutulo. Titamanga katundu ndinawerenga: 7. Ndinabwereza, ndikudziphatikizapo ndekha kuti nambala ikwane, koma mtima unakana. Ndinaliza wezulo ndi mphamvu zonse. Amayi ogulitsa tomato m'mphepete mwa msewu anayamba kulongedza, kuyesa a khonsolo afika, ndipo mnyamata wina amene sindimudziwa n'komwe anataya nzimbe n'kuliyatsa liwiro. Wanga wosowayo ndinamupeza pachiwaya, milomo ili noninoni, atauza mwini wake kuti "alangizi abwera adzalipira." Ndinalipira. Udindo umenewunso papepala paja panalibe.

Pobwerera ndinati tidzere ku Castle Hotel, kuti ndionetseko ulangizi. Ndinakonza kukhosi n'kuyamba kufotokoza za Errol Button, DC wachitsamunda amene anamangitsa nyumba yansanja ija pafupi ndi damu. Sindinafike ngakhale pakati. Anandipatsa mafoni kuti ndiwajambule zoika pa Facebook. Zithunzi zinatuluka zambiri, koma ine ndikuonekamo chala chokha.

Titafika kukampu ndinawerenganso: 9. Wowonjezerayo ndi kamnyamata ka malaya ofiira, kanamva pamsika kuti kwathu kukuphikidwa mpunga. Kamayankha "ndilipo" pa dzina lililonse, ndipo mfundo za chingwe kakumanga bwino kuposa onse amene analipira.

Makolo, kampu ikutsekedwa Lamlungu tikaweruka mapemphero. Bwerani msanga mudzatenge ana anu, aliyense wakewake, osasiyako. Ndipo amene mwasowa mwana wa malaya ofiira musavutike kupita kupolisi. Ali kwa ine, ali bwinobwino, koma pobwera mutengeko meda ziwiri za mpunga.