Kodi pano mumagulitsa chiyani kwenikweni?

M'matauni mwathu muno mulibe munthu wogulitsa chinthu chimodzi. Yendani ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi muwerenge zikwangwani. Kashopu koti kasitomala akafuna kulowa mwini wake ayambe watuluka, koma pamwamba palembedwa kuti General Dealers and Investments. Pansi pake mndandanda: Airtel Money, Mpamba, kumeta, kutchaja mafoni, makala, mazira, kubwereketsa mipando ya pa chinkhoswe. Mukafunsa sopo, akuti watha dzulo.

Mkulu wina wa ku Ndirande, mwini shopu ya mtundu umenewu, anaitanidwa ku maphunziro a amalonda ang'onoang'ono, aja amagawa Fanta ndi samusa nthawi ya 10 koloko. Kumeneko anawauza kuti bizinesi iyenera kukwana m'chiganizo chimodzi: ukugulitsa chiyani, ukugulitsa kwa yani, ndipo n'chifukwa chiyani munthu adutse mashopu ena onse n'kudzaima pa iwe. Akalemba, akaonetse anthu kuti amve maganizo awo.

Usiku womwewo anang'amba tsamba m'kope la mwana wawo n'kulemba kuti: "Timathandiza anthu onse pa zosowa zawo zonse pa mtengo wabwino." Anawerenga mokweza kawiri, mtima unakhala pansi.

Oyamba kuonetsedwa anali mayi a kunyumba.

"Zili bwino, bambo," anatero akupeta mpunga, osadzutsa mutu n'komwe. "Koma pa zosowa zonsezo, ufa wa m'nyumba muno ulipo?"

Mkulu uja anapinda pepala n'kupita kwa alamu awo, munthu amene sanagulitsepo ngakhale bokosi la machesi koma amadziwa chimene chinagwetsa bizinesi iliyonse kuyambira ku Limbe mpaka ku Chirimba. Alamuwo anavala magalasi.

"Alamu, mwadzichepetsa. Machaja anuwo mumaoda kwa ndani?"

"Kwa mnyamata wina wa ku Limbe."

"Iyeyo amakatenga kuti?"

"Akuti ku Kariakoo, ku Dar es Salaam."

"Ndiye mukudikira chiyani? Katundu wawoloka Songwe ameneyo. Ikanipo International."

Popatsana moni wotsanzikana, alamuwo anabwereka K5,000, yobweza Lachisanu. Sananene Lachisanu la mwezi uti.

Abusa anati chiganizocho n'chodzozedwa, chikungosowa vesi pansi pake. Anafunsanso ngati mipando ija ingapezeke Lamulungu likubwerali, poti ndi ntchito ya Ambuye. Amayi a banki mkhonde anapatsirana pepala lija mwaulemu, aliyense n'kunena kuti "aa, zili bwino kwambiri," ndipo mkulu uja atangokhota pa ngodya kunamveka chikhakhali mpaka nkhuku zinabalalika.

Apa ndiye pagona khalidwe lathu. Ife munthu akatifunsa maganizo maso ndi maso, timamupatsa ulemu m'malo mwa yankho. Kumuuza mnzako kuti zimene walembazi sizikumveka kumaoneka ngati nsanje, mwinanso ufiti. Maganizo enieni timakaperekera kumjigo, mu minibasi, kapena pa bawo, kumene mwini nkhani kulibe. Ndipo onse amadzatuluka tsiku limene shopu yatsekedwa ndi loko wa eni nyumba: "Ine ndinaziona kale." Unaziona liti, poti unali woyamba kuwomba m'manja? Amene walimba mtima n'kulangizadi, nayenso amalangiza za m'thumba mwake. Wosowa ngongole amati muzikongoza kuti makasitomala akukondeni. Wa mutu waukulu amati mutsitse mtengo wometera.

Mwini shopu yoyandikana ndi ya mkulu uja ndiye anayamikira koposa onse. Anati chiganizocho asasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Munthu akamayamikira chonchi malonda a mnzake wopikisana naye, dziwani kuti waona kuti mulibe chomuopsa.

Tisawaseke kwambiri eni mindandanda italiitaliyi. Kugulitsa zonse si uchitsiru. Magetsi akathima, makina ometera amagona, makala ndiye amayenda. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankadalira katundu wakunja yekha analira, wa mazira ndi makala anapumako pang'ono. Munthu wa m'tauni amadyera uku ndi uku kuti mwezi uthe. Vuto ndi lakuti chikwangwani chonena zonse sichimuuza wodutsa chifukwa choimira, pakuti shopu khumi zotsatizana zanenanso zomwezo, ndi penti wa mtundu womwewo.

Yankho linabwera kuchokera kwa munthu amene sanafunsidwe. Masana ena wakabaza anaima pafupi ndi shopu ija akulondolera munthu njira pa foni, mokuwa monga mwa mwambo wawo: "Mukadutsa pa chiwaya mukhotere kumanzere, mufunse pa mdala wokonza mafoni ogwera m'madzi. Aliyense akulozerani."

Mkulu uja anatuluka, mawu oti mdala atamubaya.

"Iwe, ukunena ine?"

"Eya madala, nanga ndi ndani? Foni ikagwera m'ndowa kapena mu thobwa timathamangira kwa inu. Ena aja amangoiika padzuwa n'kukulipiritsa."

"Nanga zina zonse ndimagulitsazi?"

Mnyamatayo anasuzumira m'shopu, n'kudabwa moona mtima. "Aa, kodi mumagulitsanso mazira?"

Madzulo ake mkuluyo anatsegula kope la malonda, limene nthawi zonse ankalitsegulira kumbuyo kokha, kumene kuli mayina a angongole. Nkhani inali poyera. Ndalama ya lendi inkachokera ku mafoni. Mazira theka ankathera m'chiwaya cha kunyumba, theka lina linali kwa anthu oti adzalipira malipiro akatuluka. Mipando inali itazungulira zinkhoswe ndi maliro a dera lonse, koma chimene inabweretsa ndi miyendo yothyoka. Tauni yonse inali italemba kale chiganizo chake, iye yekha ndiye anali asanachimve, chifukwa ankafunsa anthu omudziwa m'malo momvetsera anthu omufuna.

Anaitana wolemba zikwangwani. Mmisiriyo atamva kuti mawu ake ndi anayi okha, nkhope inagwa, pakuti iye amalipiritsa potengera kuchuluka kwa zilembo.

"Bwana, chikwangwani chachifupi chimaonetsa umphawi. Anthu aziti mwagwa."

Mawu amenewo analowa. M'tauni munthu angalole kugwadi, koma osati kuti anthu aziti wagwa. Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Alamu aja anatulukira n'kumenyera nkhondo International wawo. Mayi anatumiza mwana kudzanena kuti mazira asachotsedwe, poti nkhukuzo ndi zawo. Abusa anatumiza vesi pa WhatsApp.

Lero mukadutsa pamenepo muona zilembo zikuluzikulu zofiira: TIMAKONZA MAFONI OGWERA M'MADZI. Pansi pake, ndi tizilembo toti muyandikire kuti muwerenge, pali "ndi zina zambiri". Pa chitseko palembedwa ndi choko kuti mazira alipo. Makasitomala achuluka, ndipo amene ankati chiganizo choyamba chija chili bwino kwambiri akuuza aliyense kuti nzeru yofupikitsa inachokera kwa iwo.

Shopu yoyandikana nayo yalembanso chimodzimodzi, ndi penti wofiira yemweyo, ngakhale mwini wake sanatsegulepo foni chibadwire.